Albus, alba kapena album? Mmene mungakonzere mchira wa dzina lasayansi la mbalame

Ngati munayamba mwaikapo mabuku awiri a mbalame pamodzi, lina lakale lina latsopano, muyenera kuti munakumana nazo izi. Kakowa wamkulu woyera uja, buku lina limamulemba Casmerodius albus, lina Egretta alba, lina Ardea alba. Mbalame ndi yomweyo, nthenga zomwezo, khosi lalitali lomwelo, koma dzina lachiwirilo mchira wake sukhazikika, pena -us pena -a. Ambiri amangoti aa wotayipa anaphonya basi, n'kupitiriza kuwerenga. Sanaphonye ayi. Pali lamulo kumbuyo kwake, ndipo ngati mumalemba mindandanda ya mbalame, malipoti, kapena ndinu wophunzira amene mwatopa kubwezeredwa pepala lodzaza inki yofiira, lamuloli ndi bwino mulidziweko.

Ubwino wake ife olankhula Chichewa nkhaniyi siyachilendo kwenikweni, timaichita tsiku ndi tsiku osaganizira n'komwe. Timati mbalame yoyera, chimbalame choyera, kambalame koyera, timbalame toyera. Dzina likasintha gulu, mfotokozi naye amatsatira, ndipo munthu atanena kuti kambalame choyera ngakhale mwana amuseka. Chilatini chimachitanso chimodzimodzi, kungoti ife timasintha kumutu kwa mawu pomwe icho chimasintha kumchira, komanso ife magulu a mayina tili nawo ambirimbiri pomwe icho chili ndi atatu okha: lachimuna, lachikazi, ndi lachitatu lomwe silili uku kapena uko, ine ndizingoliti lapakati. Choyera m'Chilatini ndi albus, alba, album, motsatana choncho. Ardea ndi Egretta ndi mayina achikazi ndiye alba, Casmerodius ndi lachimuna ndiye albus, monganso khwangwala wa chifuwa choyera ali Corvus albus.

Musasokoneze, jenda imeneyi ndi ya mawu chabe, ilibe nazo ntchito zoti mbalameyo ndi yaimuna kapena yaikazi. Namzeze wamwamuna ndi Hirundo rustica, mkazi wake ndi Hirundo rustica yemweyo.

Malamulowa ali m'buku la bungwe loona za mayina a zinyama padziko lonse, onse awiri bungwe ndi bukulo amangowatchula mwachidule kuti ICZN. Lomwe likugwira ntchito pano ndi lachinayi, linasindikizidwa mu 1999 n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2000. Ndi buku lalikulu koma pa nkhani yathuyi mukungofuna magawo atatu: gawo 30 limanena za jenda ya dzina loyamba lija lotchedwa jenasi, gawo 31.2 limanena kuti ndi dzina lachiwiri liti lomwe liyenera kugwirizana ndi jenasi, ndipo gawo 34.2 limati ngati mchira sukugwirizana uyenera kusinthidwa, palibe zopempha chilolezo. Bukuli lili pa intaneti mwaulere. Tiyeni tiyambe.

Choyamba, fufuzani mmene dzinalo linalembedwera tsiku lobadwa

Apa ndi pomwe ambiri amadumpha, n'kudzavutika kutsogolo. Dzina lililonse lili ndi munthu amene analilemba koyamba, chaka chake, ndi jenasi yomwe analiikamo. Mukaona dzina lathunthu la mpheta ya m'makomo, limalembedwa Passer domesticus (Linnaeus, 1758). Mabulaketi amenewo sanaikidwe kuti akongoletse, akukuuzani kuti Linnaeus, katswiri amene anaipatsa dzinali, sanaiike mbalameyi mu Passer, inachita kusamutsidwa. Iye mu 1758 anailemba Fringilla domestica, Fringilla ndi lachikazi, ndiye itasamukira mu Passer lomwe ndi lachimuna mchira unasintha kukhala domesticus. Pomwe Hirundo rustica Linnaeus, 1758 palibe mabulaketi chifukwa namzeze uja sanasunthe, ali pomwe anamuika.

Ndiye mukaona mabulaketi dziwani kuti pali ntchito. Mindandanda yabwino komanso tsamba la Avibase zimaonetsa dzina loyambiriralo, ndipo mabuku akalekale ambiri anajambulidwa ali pa intaneti pa tsamba la Biodiversity Heritage Library, mutha kutsegula tsamba lenilenilo n'kuona ndi maso anu. Lembani penapake zinthu zitatu: jenasi yoyamba, kalembedwe ka dzina lachiwiri chilembo ndi chilembo, komanso ngati wolembayo ananenapo kanthu za tanthauzo lake. Muzifuna zimenezi pa sitepe yachitatu.

Chachiwiri, dziwani jenda ya jenasi yomwe mbalameyo ili pano

Pongoyambira, mchira umathandiza. Mayina ambiri othera ndi -us ndi achimuna, monga Corvus, Turdus, Larus. Ambiri othera ndi -a ndi achikazi, monga Ardea, Motacilla, Ciconia. Othera ndi -um ndi apakati, monga Dicaeum ndi Glaucidium. Mukangodalira zimenezi mukhoza kulondola kambiri ndithu, koma malo omwe mungagwe ndi omwe akatswiri nawonso anagwa kwa zaka zoposa zana, ndiye musathamange.

Lamulo lenileni likuti ngati dzinalo ndi mawu a Chilatini, jenda yake ndi yomwe ili m'dikishonale ya Chilatini. Ngati ndi mawu a Chigiriki omwe angolembedwa m'zilembo zathuzi osasintha mchira, jenda ndi yomwe ili m'dikishonale ya Chigiriki. Ngati ndi mawu ophatikiza, mumayang'ana chigawo chomaliza. Ndipo ngati mchira wa Chigiriki unasinthidwa kuti umveke Chilatini, mumatsatira mchira watsopanowo.

Taonani Lagopus, mbalame ya kumaiko ozizira yooneka ngati nkhwali, ya nthenga mpaka kuzala. Dzinali likuchokera ku lagos, kalulu, ndi pous, phazi. Likuthera ndi -us, ndiye kwa nthawi yaitali aliyense ankalemba Lagopus mutus. Koma mawuwa m'Chilatini chakale ndi achikazi, ndiye lero ndi Lagopus muta, ndipo mnzake amene anali leucurus pano ndi leucura. Mbali inayi kuli Saxicola, Cisticola ndi Monticola, othera ndi -a bwinobwino koma ndi achimuna. Chifukwa chake n'choti -cola, kutanthauza wokhala pamalo, ndi mawu omwe m'Chilatini atha kukhala achimuna kapena achikazi, ndipo ICZN imati mawu otere aziwerengedwa achimuna pokhapokha ngati amene anayambitsa jenasiyo ananena kuti ndi lachikazi kapena analiphatikiza ndi mfotokozi wachikazi. N'chifukwa chake mabuku akale ali ndi Saxicola torquata pomwe atsopano ali ndi Saxicola torquatus.

Msampha wina wa -a ndi mawu a Chigiriki othera ndi -ma. Derma, khungu, ndi stoma, kamwa, onsewa ndi apakati. Ndiye muli ndi Apaloderma vittatum komanso Toxostoma rufum, yomwe Linnaeus anailemba Turdus rufus. Munthu wongoyang'ana mchira angalembe vittata n'kumadzimva kuti wakhoza.

Kenako pali michira yomwe buku la ICZN lija linangoigamula kuti mikangano ithe. Dzina lophatikiza lothera ndi -ops ndi lachimuna basi, kaya linachokera kuti kaya wolemba wake ankaganiza zotani, ndiye Merops pusillus, Zosterops japonicus, Rynchops niger, ngakhale mabuku akale mupezamo japonica ndi nigra. Othera ndi -oides, -ides, -odes, -ites, -istes ndi achimuna, monga Picoides tridactylus, koma apa pali kakhomo kotulukira: ngati woyambitsa analitenga ngati la jenda ina, mumatsatira iyeyo. Turdoides ndi lachikazi pa chifukwa chimenecho, Cretzschmar analilemba limodzi ndi leucocephala. Othera ndi -ornis, mbalame m'Chigiriki, nkhani yake ndi ngati ya -cola ija. Tizinkhwe tating'ono ta Agapornis ndi tachimuna, Agapornis personatus, Agapornis canus, pomwe kale ankalemba personata ndi cana. Koma Anthornis melanura ya ku New Zealand ndi yachikazi. Mchira umodzi, jenda ziwiri, ndiye mwaona chifukwa chake ndinati pitani mukaone tsamba loyambirira.

Nanga dzina lomwe si Chilatini si Chigiriki, longopeka? Ngati woyambitsa sananene jenda ndipo palibe chosonyeza, limakhala lachimuna, kupatula lothera ndi -a lomwe limakhala lachikazi, ndi lothera ndi -um, -on kapena -u lomwe limakhala lapakati. Chitsanzo chomwe chimandisangalatsa ine ndi Delichon. Mawu amenewa mulibe m'dikishonale iliyonse, munthu mu 1854 anangotenga Chelidon, namzeze m'Chigiriki, n'kusakaniza zilembo ngati masewera. Linnaeus anali atalemba Hirundo urbica, ndiye anthu anapitiriza kulemba Delichon urbica kwa zaka zambiri. Koma poti ndi mawu opeka othera ndi -on, ndi apakati, ndipo lero timalemba Delichon urbicum.

Zambiri mwa zosinthazi zinabwera pambuyo pa ntchito ya anthu awiri a ku Canada, Normand David ndi Michel Gosselin, amene mu 2002 anasindikiza zolemba ziwiri mu Bulletin of the British Ornithologists' Club, china cha jenda ya majenasi china cha mayina achiwiri. Anakhala pansi n'kumafufuza dzina limodzilimodzi. Ngati buku lanu ndi la chisanafike chaka chimenecho, musalikhulupirire kwambiri pa michira. Ndipo musadzione ngati mbuli mukasokonezeka, jenasi ya Poecile inazunguza akatswiri enieni, mindandanda ina inalembapo Poecile montana kwa kanthawi isanabwerere ku Poecile montanus.

Chachitatu, dzina lachiwirilo ndi mfotokozi kapena ndi dzina palokha?

Apa ndiye pagona nkhani. Jenda ya jenasi mutha kungoiona pamndandanda, koma funso ili limafuna mutu. Chomwe chimasintha mchira ndi mfotokozi wa Chilatini yekha, kapena mawu achilendo omwe anavekedwa mchira wa Chilatini n'kukhala mfotokozi. Zina zonse sizigwedezeka, olo mbalame isamutsidwe kakhumi.

Ganizirani munthu amene anzake anamupatsa dzina loti Njovu. Akhale mwamuna akhale mkazi, asamukire kulikonse, Njovu ndi Njovu. Mayina ambiri achiwiri ndi otero, ndi dzina longoimikidwa pafupi ndi linzake. Numida meleagris nkhanga, Scopus umbretta nantchengwa, Corvus corax, Merops apiaster. Taonani Scopus umbretta, -us kutsogolo -a kumbuyo, ndipo palibe cholakwika chilichonse.

Chitsanzo chomwe ndimachikonda, chifukwa chinandichititsapo manyazi, ndi cha mbalame zitatu za mapiko osongoka zouluka pamwamba pa madambo ndi nyanja, zonse za mu jenasi Chlidonias. Zitatu zonsezi zinayambira mu Sterna, dzina lachikazi. Linnaeus mu 1758 analemba Sterna nigra, Pallas mu 1811 analemba Sterna hybrida, Temminck mu 1815 analemba Sterna leucoptera. Zonse zikuthera ndi -a, zikuoneka ngati ana a mimba imodzi. Chlidonias ndi lachimuna. Nigra, chakuda, ndi mfotokozi, ndiye wasanduka niger. Leucoptera, cha mapiko oyera, ndi mfotokozi wa Chigiriki wovala mchira wa Chilatini, wasanduka leucopterus. Koma hybrida m'Chilatini ndi dzina, limatanthauza chinyama chobadwa kwa makolo a mitundu iwiri, ndiye limakhala momwemo: Chlidonias hybrida. Ine tsiku lina ndikukonza mndandanda pa kompyuta ndinaona niger, leucopterus, kenako hybrida, ndinati apa wina anagona, n'kusintha kukhala hybridus malo onse, mpaka kunyadira kuti ndagwira cholakwa. Amene ankaunika ntchitoyo anangondibwezera atazunguliza mawuwo n'kulemba pambali kuti ndikatsegule dikishonale. Chinanditonthoza n'choti mabuku ambiri akale nawonso analemba hybridus.

Ndiye njira yake ndi yomweyo, tsegulani dikishonale ya Chilatini. Mukapeza mawuwo alembedwa ndi michira itatu, monga albus, -a, -um, ndi mfotokozi. Mukapeza alembedwa ndi kachilembo kamodzi ka jenda, m. kapena f. kapena n., ndi dzina. Buku la James Jobling lomasulira mayina asayansi a mbalame limathandizanso kwambiri kudziwa komwe mawu anachokera, ndipo zomwe zili m'menemo zimapezekanso pa tsamba la Birds of the World.

Mawu ophatikiza ndi omwe amavuta. Yang'anani chigawo chomaliza, kodi ndi dzina lomwe langosiyidwa mmene lilili, kapena lasinthidwa kukhala mfotokozi? Pectus ndi chifuwa, dzina, ndiye Dicaeum ignipectus silisintha kukhala ignipectum ngakhale Dicaeum ndi lapakati. Gaster ndi mimba, ndiye leucogaster imakhala choncho kulikonse. Larus atricilla itasamukira mu Leucophaeus inakhalabe Leucophaeus atricilla. Ndipo kambalame ka ku Ulaya ka moto pamutu, Temminck anakalemba Sylvia ignicapilla mu 1820, anthu atakasamutsira mu Regulus anakasintha kukhala ignicapillus, koma pano kanabwerera ku Regulus ignicapilla chifukwa mawuwo amawerengedwa ngati dzina. Pomwe -collis, -rostris, -ventris, ochokera ku collum khosi, rostrum mlomo, venter mimba, amenewo anasinthidwa kale kukhala afotokozi ndiye amatsatira jenda.

Gulu lina losasintha ndi mayina olemekeza anthu. Mwamuna amapatsidwa -i, mkazi -ae, anthu angapo -orum, ndipo akakhala akazi okhaokha -arum. Agapornis fischeri ndi ya Gustav Fischer, Agapornis lilianae ndi ya Lilian Sclater. Mchira umenewo ukunena za munthuyo, uli ngati "wa" kapena "ya" wathu wosonyeza mwini, ndiye jenasi ilibe nawo mphamvu. Osayerekeza kusintha lilianae kukhala liliani chifukwa choti Agapornis ndi lachimuna, mwatero mwasandutsa mayiyo bambo.

Komanso mawu omwe sali m'Chilatini ndipo sanavekedwe mchira wa Chilatini sasintha. Apa mulowa mawu a Chigiriki osiyidwa ndi mchira wawo wa -os. Bakha uja Anas platyrhynchos, Anas ndi lachikazi, umboni wake Anas acuta, koma platyrhynchos amangokhala momwemo. Chimodzimodzi Luscinia megarhynchos. Akanalemba platyrhynchus ndi -us bwenzi ikanakhala nkhani ina, chilembo chimodzi chokha. Mulowanso mawu otengedwa ku zilankhulo zina, monga narina mu Apaloderma narina.

Nanga ngati mawuwo atha kukhala zonse ziwiri, mfotokozi komanso dzina? Gawo 31.2.2 limati ngati wolemba woyamba sanasonyeze chomwe ankatanthauza, ndipo kagwiritsidwe ntchito kake sikakuthandiza kugamula, muwerenge ngati dzina n'kusiya kalembedwe koyamba. Bukulo limatchula michira ya -fer ndi -ger kuti ndi yotero. Nkhwazi, Daudin anailemba Falco vocifer mu 1800, inakhala nthawi yaitali ili Haliaeetus vocifer, ndipo mindandanda yomwe yaisamutsira mu Icthyophaga, dzina lachikazi, ikulembabe Icthyophaga vocifer, palibe zoti vocifera. Kunena zoona gawo limeneli ndi lomwe limakanganitsa anthu kwambiri, chifukwa wina amati umboni ulipo wina amati palibe, ndipo mukafika pa dzina lotere inu musadzipangire chigamulo, tsatirani mndandanda womwe mwasankha.

Chachinayi, mukatsimikiza kuti ndi mfotokozi, vekani mchira woyenera

Iyi ndiye sitepe yophweka, ndi kungoloweza timagulu tingapo. Gulu lalikulu ndi -us, -a, -um. Kadzidzi wamng'ono wa timadontho, Vieillot anamulemba Strix perlata, pano ali mu Glaucidium ndiye ndi Glaucidium perlatum. Sterna maxima inasanduka Thalasseus maximus, Sterna fuscata inasanduka Onychoprion fuscatus.

Gulu lachiwiri ndi la -er, ndipo apa samalani chifukwa e uja amathawa. Niger, nigra, nigrum. Ruber, rubra, rubrum. Ater, atra, atrum. Ndiye Eudocimus ruber koma Piranga rubra, Molothrus ater koma Fulica atra. Ndinaonapo wina atalemba nigera, ayi palibe mawu otero.

Gulu lachitatu ndi -is, lomwe chachimuna ndi chachikazi n'chimodzi, chapakati chokha ndi chomwe chimasintha kukhala -e. Mayina onse a malo othera ndi -ensis ali muno. Burhinus capensis lachimuna, Tyto capensis lachikazi, koma Glaucidium capense. Anthu amaiwala -e ameneyu kuposa china chilichonse, mwina chifukwa majenasi apakati ndi ochepa ndiye diso silinazolowere. Major ndi minor nawonso ndi amodzi pa chachimuna ndi chachikazi, chapakati ndi majus ndi minus.

Otsalawo ndi a mchira umodzi pa jenda zonse zitatu: migrans, splendens, elegans, ferox, bicolor. Amenewa ngakhale ndi afotokozi palibe chosintha, mwapuma.

Chachisanu, tizinthu totsalira

Ngati pali dzina lachitatu, la kagulu kakang'ono mkati mwa mtunduwo, nalonso limagwirizana ndi jenasi, silimayang'ana dzina lachiwiri. Ndiye Casmerodius albus modestus amakhala Ardea alba modesta. Koma liyeseni palokha ndi mafunso omwe aja, chifukwa kakowa yemweyo ali ndi kagulu kena, Ardea alba melanorhynchos, ndi -os wa Chigiriki uja wosasintha.

Chomwe mukuloledwa kusintha ndi mchira wokha. Ngati wolemba woyamba Chilatini chake chinali chopunduka, kapena anamasulira zilembo za Chigiriki molakwika, si ntchito yanu kumukonzera. Icthyophaga ija mukaiyang'anitsitsa muona kuti pakusowa h pambuyo pa c, mawu a nsomba m'Chigiriki timawalemba ichthys, koma Lesson mu 1843 analemba choncho ndipo zimakhala choncho. Dzina la wolemba ndi chaka sizisinthanso mukasintha mchira, mumangowonjezera mabulaketi ngati jenasi ndi ina.

Mukamaliza, fananitsani ndi mndandanda wapadziko lonse watsopano. Kwa zaka zambiri panali ingapo yopikisana, ya IOC, ya Clements, ya BirdLife, ya Howard ndi Moore, ndipo mu 2025 kunatuluka AviList yoyesa kuziphatikiza. Sankhani umodzi, lembani kuti mwagwiritsa uti ndi wa chaka chiti, osamangotola uku ndi uku. Yankho lanu likasiyana ndi lawo, kawirikawiri pali kanthu pa tsamba loyambirira komwe simunakaone. Paja anzathu ambiri ofufuza agulugufe anatopa nazo zonsezi, iwo amangolemba mchira woyambirira osasamala jenda, ndipo pali ena amene amafuna lamuloli lichotsedwe. Ine ndimawamvetsa, makamaka ukaganiza za kompyuta yomwe imaona muta ndi mutus ngati mbalame ziwiri zosiyana n'kukuwerengera kawiri. Koma a mbalame amalitsatira, ndiye ngati mukusunga zolemba zambiri, sungani danga lina la kalembedwe kakale kuti pofufuza muzipeza zonse.

Tiyeni tiyese zonsezi pa nkhani yaposachedwa. Mu 2024 jenasi yaikulu ya akabawi, Accipiter, inagawidwa pambuyo pa kafukufuku wa DNA, ndipo mbalame zambiri zinasamuka. Tengani zinayi zomwe zinali Accipiter badius, Accipiter minullus, Accipiter melanoleucus ndi Accipiter tachiro. Musanawerenge mzere wotsatira, dziwani kuti ziwiri zoyambazo zinapita ku Tachyspiza, yachitatu ku Astur, yachinayi ku Aerospiza, ndiye yesani nokha kaye.

Badius, Gmelin anailemba Falco badius mu 1788. Tachyspiza ndi lachikazi. Mu dikishonale badius ali ndi michira itatu, ndi mtundu wofiirira, mfotokozi weniweni, gulu la -us, -a, -um. Yankho ndi Tachyspiza badia. Minullus, kakang'ono kwambiri, mfotokozinso, ndiye Tachyspiza minulla. Melanoleucus, chakuda ndi choyera, ndi mfotokozi ndithu ndipo akanasintha, koma Astur ndi lachimuna ngati Accipiter yemwe, ndiye Astur melanoleucus, palibe chogwira. Tachiro anachokera ku dzina lomwe katswiri wa mbalame Levaillant anaipatsa mbalameyo m'Chifalansa, mu dikishonale ya Chilatini simungamupeze, ndiye olo Aerospiza ndi lachikazi mumalemba Aerospiza tachiro.

Mukafuna ina yoyeserera, tengani akakowa oyenda ndi ng'ombe aja. Mindandanda yatsopano yawachotsa mu Bubulcus n'kuwaika mu Ardea. Wina anali Bubulcus ibis, mnzake wa ku Asia anali Bubulcus coromandus. Ibis ndi dzina la mbalame ina, ndiye Ardea ibis, ndipo mabulaketi pa Linnaeus achoke chifukwa ndi momwe iye analembera mu 1758. Wa ku Asia uja ndi Ardea coromanda.